Benchi Loyera la Felizarda

Chaka chimenecho dzuwa la chilimwe linabwera ngati lili ndi mlandu ndi anthu a ku Mualadzi. Malata a nyumba ya Lourenço ankayamba kuthetheka nkhuku zisanamalize kutsika, ndipo pofika masana m'chipinda simunkakhalika. M'chipinda mmenemo ndimo munkagona mkazi wake, Felizarda, miyendo itatupa, mimba itatupa, mpweya ukuvuta kutsika. Ku chipatala chachikulu cha ku Tete anapitako. Anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti akapumule kunyumba. Aliyense pamudzipo ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo, koma palibe amene ankalitchula.

Lourenço anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nsadzo, ndipo anabwera pamudzipo ali mnyamata wa ndevu zochepa, atanyamula mpeni womangira ndi chikwama cha zovala. Ana awiri amene Mulungu anawapatsa anawatenganso asanayambe kuyenda. Munda unali wa akuchikazi, malo a nyumba anali a akuchikazi, ngakhale mtengo wa mango wa pabwalo unabzalidwa ndi apongozi ake omwe anamwalira kalekale. Chimene chinkamusunga pamudzipo chinali Felizarda yekha. Iyenso sankapempha zambiri. Ankangofuna kukhala pambali pa mkazi wake, kumutembenuza, kumumwetsa madzi, mpaka tsiku limene aliyense sankalitchula lija.

Felizarda ankalirira panja. Ankati m'nyumba akuphikidwa wamoyo. Anayesa kumuyalira mphasa pansi pa mango, koma munthu wotupa chotero akagona pansi, kuti adzuke ndi nkhondo, ndipo nyerere sizinkachedwa kumupeza. Anayesa mpando, msana unakana. Bedi lawo linali lija analikhomera m'chipinda momwemo, loti pakhomo silingatuluke pokhapokha utagwetsa khoma.

“A Banda,” anatero Felizarda tsiku lina, pakuti ankamutchula ndi mfunda wake, “mukukumbukira khoma lija la kuchipatala, la mazuleju oyera? Ndinkati ndikatsamiritsa tsaya pamenepo, thupi lonse linkazizira. Ndi chokhacho chimene ndinakonda ku Tete.”

Ananena mongocheza, maso ali kudenga. Koma amuna ena mkazi akadwala amathawira ku kachasu, ena amathawira kutchalitchi. Lourenço anathawira ku njerwa. Pakamwa pake panali polemera kuyambira kale, mawu achifundo sankawadziwa kuwayala, ndipo zonse zimene mtima wake unkafuna kunena zinkatulukira m'manja. Kuseri kwa nyumba anali ndi matailosi oyera, amene kumeneko amati mazuleju, otsala pa golosale ina imene anamanga pamsika, ndi kathumba ka simenti yoyera. Anaganiza zomanga benchi la njerwa pansi pa mango, lalitali loti munthu n'kugonapo, lofika m'mawondo kuti wodwala asavutike potsika, lokwera pang'ono kumutu kuti mpweya uziyenda, pamwamba ponse matailosi ozizira.

Tepi yake yoyezera inapita ku Zambia ndi mmisiri mnzake amene anaibwereka n'kuiwala njira yobwerera. Choncho masana ena, Felizarda atagona tulo, Lourenço anasolola bango pampanda, n'kulowa nalo m'chipinda. Analigoneka pambali pa mkazi wake kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, n'kulithyola pamene linapitirira. Atatembenuka anaona Odeta, mkulu wake wa Felizarda, ataima pakhomo ndi kapu ya phala. Odeta anaika kapuyo pansi n'kubwerera, osapereka moni. Munthu wobadwira kumudzi, woti wakumbako manda kangapo ndi adzukulu anzake, anayenera kudziwa kuti bango limayeza ndani. Koma mutu wa Lourenço unali utadzaza ndi njerwa, ndipo anangoti mlamu wake wadzuka ndi nkhope yake ija.

Pamene benchilo linali njerwa zokhazokha, anthu ankangoseka. A Baxter, malume ake a Felizarda, amene analinso mwini mbumba ndi nkhoswe ya ukwatiwo, anaima ndi njinga yawo n'kulizungulira. Anali munthu wa nthabwala, wakhalapo ku Katete zaka zambiri, ndipo ankakonda kusewera bawo ndi Lourenço chifukwa ankamudya nthawi zonse.

“Akamwini, mwayamba bizinesi ya mabanzi kodi? Uvuni wake ndi umenewu?”

“Ndi pogona mayi, kuti azipuma mphepo,” anayankha Lourenço.

“Ehe! Ife akazi athu timawagulira nsalu za kapulana, inu mukuwamangira nyumba yachiwiri. Mutichititsa manyazi pamudzi pano.”

Anapita akuseka. Lourenço anapaka pulasitala, n'kuyala matailosi limodzilimodzi, akulowetsa timitengo ta machesi pakati kuti mipata ifanane. Atamaliza anafunditsa zonse ndi masaka onyowa kuopa dzuwa, moti palibe amene anaona chimene chinali pansi pake. Kunatsala ntchito imodzi, yotseka mipata ija. Benchi la panja ukalisiya ndi mipata, mvula imalowa, nyerere zimamanga, ndipo m'mphepete mwa matailosi mumacheka khungu la munthu.

Tsiku lotseka mipata anadzuka m'mamawa, chifukwa simenti yoyera ndi dzuwa sizigwirizana. Anazula timitengo tija, anasesa m'mipata ndi nthenga ya nkhuku, n'kuwaza madzi pang'ono. Simenti wamba inalipo, ndipo akanatha kugwiritsa ntchito imeneyo. Anaiyang'ana n'kuikana. Mizere yakuda pakati pa matailosi oyera ikanaoneka ngati litsiro, ndipo Felizarda anali mkazi woti ngakhale ali chigonere ankafunsa ngati pabwalo pasesedwa. Anasakaniza yoyera ija m'beseni mpaka inafanana ndi phala la mwana.

Ankaitapa ndi mpeni, n'kuikankhira m'mipata ndi patapata lakale, mopingasa, kuti mphira usakokolole zimene walowetsa. Ankachita kachigawo kakang'ono, n'kudikira kuti simenti ichite mbuu, kenako n'kupukuta ndi chidutswa cha matiresi chonyowa. Mzere uliwonse ankaudutsitsa chala kuti usalale. Simenti inamudya nsonga za zala mpaka zinayamba kuwawa ngati wagwira tsabola, koma sanasamale. Pamene panaoneka kabowo ankabwererapo. M'makona, mmene amisiri aulesi amangopakamo pamwamba, iye ankasindikiza mpaka pansi. Kunena zoona, kuyambira pamene anabwerako kuchipatala ku Tete, m'mawa umenewo ndi umene Lourenço anasangalala koyamba. Anafika poimba mluzu.

“A Banda, mwatola chiyani kunjako?” anafunsa Felizarda ali m'nyumba.

“Dikirani, mayi. Likauma mudzaona nokha.”

Dzuwa litakwera anatenga kansalu kouma n'kuyamba kuchotsa fumbi loyera limene linatsalira pamwamba. Matailosi anayamba kuwala. Mipata yonse inali itasowa, ndipo benchi lonse linasanduka chinthu chimodzi choyera, chosalala, chachitali ngati munthu, chokwera kumutu. Ali chiweramire choncho, anamva chidebe chikugwa kumbuyo kwake.

Anali Odeta, akuchokera kumjigo ndi amayi ena. Madzi ankayenderera m'miyendo mwake, manja ali kumutu.

“Mayo ine! Mayo, m'bale wanga ine! Amumangira chiliza ali moyo!”

Sanalire kulira kwa munthu wodzidzimuka. Analira kulira kwa maliro, kokweza, kokoka, kumene kumadutsa madimba n'kukafika kutsidya. Amayi anali naye aja, ena osadziwa n'komwe chimene chachitika, anayankha. Ndani akanawadzudzula? Mudzi wonse unali utatchera khutu kudikira kulira kumeneko kuchokera pakhomo limenelo. Amuna anataya makasu. Ena anabwera akuthamanga, amayi akumanga kapulana m'chiuno, wina anafika atanyamula kale nkhuni za pasiwa. Ndipo m'chipinda muja, Felizarda, maso ali pululu, anamva mudzi wake ukumulira.

Lourenço anaimirira, kansalu kali m'manja. Anafuna kukalipa, koma anthu onse sankayang'ana iye, ankayang'ana kumbuyo kwake. Anabwerera m'mbuyo mapazi angapo n'kuyang'ana nayenso. Masiku onsewo ankaliona benchilo ali pafupi, mzere ndi mzere, kona ndi kona. Tsopano analiona monga mmene munthu wodutsa angalionere. Pamudzi ponsepo, matailosi oyera a panja anali pamalo amodzi okha, kumanda, pa ziliza za mabanja amene ana awo amagwira ntchito m'tauni. Chimene anamanga ndi manja ake sichinkasiyana nazo ngakhale pang'ono. Chinkangosowa mtanda ndi dzina.

“Ndi benchi,” anatero, koma mawuwo anatuluka ang'onoang'ono. “Alamu, ndi benchi.”

Odeta anangomudutsa. Analowa m'nyumba ndi amayi anayi, ndipo posakhalitsa anatuluka atanyamula Felizarda m'bulangete. Anadzera kuseri, njira ya kunkhokwe, wina atatchinga ndi nsalu kuti wodwala asaone pansi pa mango. Lourenço anawatsatira mpaka pampanda wa nyumba ya Odeta. Pamenepo ana aamuna a Odeta, anyamata amene iye mwini anawaphunzitsa kugwira njerwa, anaima pachipata osamuyang'ana kumaso. Anabwerera kunyumba n'kupeza beseni la simenti litauma gwa.

M'mawa mwake a Baxter anamuitana. Sanakhale pabwalo ngati mlandu. Anakhala awiri pamthunzi wa nkhokwe, a Baxter akupichira fodya amene sanamuyatse.

“Akamwini, mwatipatsa ntchito.”

Lourenço anafotokoza zonse, za kutentha kwa malata, za nyerere, za khoma la kuchipatala. Analankhula mawu ambiri kuposa amene analankhula chaka chonsecho, ndipo a Baxter ankagwedeza mutu pa chilichonse.

“Zonsezo ndazimva, ndipo ine ndekha ndikadakhulupirira. Koma Odeta akuti anakupezani mukuyeza mnzanu ndi bango ali mtulo. N'zoona?”

“Tepi yanga mnzanga anapita nayo.”

“Sindikufunsa za tepi. Bango, munamuyeza nalo?”

“Ndinamuyeza.”

A Baxter anapumira m'mwamba. “Ha! Inu a Banda, munthu wamkulu. Chingwe munalibe? Ngakhale kuyeza ndi mapazi? Bango lenileni?” Anazunguza fodya uja m'zala. “Amayiwa akuti mwatopa ndi kudwazika, ndiye mukumuitanira ulendo. Ena akuti muli ndi mkazi ku Nsadzo. Ena akunena zoipa kuposa pamenepo, zoti sindingazibwereze. Ine sindinganene kuti mwalodza munthu, chifukwa matendawa anayamba benchi kulibe. Koma mbumbayi ndi yanga, ndipo ikuopa. Taapatsani masiku, mitima itsike.”

“Nanga womutembenuza ndani? Amafuna kutembenuzidwa pafupipafupi. Mbali ya kumanzere sagonera.”

“Abale ake alipo.”

“Ndingomuona, bambo. Ndiime pakhomo pokha.”

“Osati lero.”

Masiku anayamba kupita. Nyumba ya Odeta sinali kutali, moti mphepo ikachokera kumeneko Lourenço ankamva chifuwa cha mkazi wake. Ankachidziwa chifuwa chimenecho. Ankadziwa chimene chimatanthauza kuti akufuna madzi, ndi chimene chimatanthauza kuti amugoneka mbali yolakwika. Ankaimirira, n'kuyenda mpaka pakati pa bwalo, n'kubwerera. Anatema nkhuni n'kukazisiya pachipata cha Odeta, ndipo zinakhala pomwepo mpaka chiswe chinazipeza. Anagula shuga ndi mkaka wa m'chitini, zinabwezedwa osatsegula. Lamulungu kutchalitchi, pabenchi limene anakhala panatsala malo mbali zonse ziwiri. Odeta ankaimba kwaya kutsogolo, korona ili m'khosi, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere anayang'ana kudenga.

Apa ndi pamene Lourenço anawonjezera cholakwa china, ndipo ichi n'chimene chimakwiyitsa munthu ukachiganiza. Simenti yatsopano imafuna madzi. Ukaisiya padzuwa la chilimwe osaithirira, imang'ambika. Mmisiri aliyense amachita zimenezi osaganiza, monga mmene munthu amatsekera chitseko potuluka. M'mawa uliwonse Lourenço ankatenga chidebe, n'kuwaza madzi pabenchi paja, n'kuchotsa masamba a mango amene agwerapo, n'kufunditsanso masaka. Mumtima mwake ankati mitima ikatsika Felizarda adzabwera, ndipo asadzapeze ming'alu. Amayi opita kumjigo ankaona mwamuna atagwada pambali pa chiliza, akuchisambitsa, akuchisesa, akuchifunditsa.

A Baxter anabwera okha ulendo uno, ndipo nthabwala anazisiya kunyumba.

“Kodi inu, mutu wanu ukuyenda? Ine ndikuzimitsa moto uko, inu mukuthira parafini kuno?”

“Simenti ikapanda madzi…”

“Musandiuze za simenti! Mwana wa mlongo wanga sakudya. Akangotseka maso akudzidzimuka. Amayi akumuuza kuti m'mawa uliwonse mumakonza pogona pake, ndiye mukuti adye bwanji?”

Atachoka, Lourenço anakhala pakhonde nthawi yaitali. Anali ndi chisoni, komanso anali ndi mkwiyo umene sankadziwa woupatsa. Akwiyire Odeta, amene ankakonda mng'ono wake moona? Akwiyire a Baxter? Pomaliza anakwiyira benchi. Analowa m'nyumba n'kutulutsa nyundo yaikulu, yophwanyira miyala ya maziko. Anaganiza kuti chinthucho chikachoka, nkhani yatha, ndipo madzulo omwewo akhala pambali pa mkazi wake.

Ntchito yabwino siiphwanyika msanga. Akanakhala kuti anamanga mwaulesi, matailosi akanangosendeka ngati makoko a nthochi. Koma mipata ija anaitseka mpaka pansi, anaithirira mokhulupirika, ndipo zonse zinagwirana n'kukhala mwala umodzi. Nyundo inkadumpha. Tizidutswa toyera tinkathethekera kumaso kwake n'kumucheka m'manja ndi m'miyendo. Anamenya kuyambira m'mawa, dzuwa linafika pamutu akumenya, linapendeka akumenya. Phokosolo linkamveka mudzi wonse, ndipo palibe amene anabwera kudzamuletsa kapena kudzamuthandiza. Zidutswazo anazituta pa wilibala n'kukazitaya kudzenje kumene ankaumba njerwa. Kenako anasesa pansi pa mango mpaka sipanatsale kanthu koyera.

Anapita kwa a Baxter osasamba, fumbi lili m'tsitsi, magazi atauma m'zala. Anawapeza ali ndi Odeta ndi akuluakulu ena awiri a mbumbayo.

“Ndaliphwanya, bambo. Kulibenso. Mukhoza kukaona.”

Palibe amene anamupatsa mpando. A Baxter ankayang'ana pansi, akujambula m'dothi ndi kamtengo. Amene analankhula anali Odeta.

“Alamu, munkati ndi benchi.”

“Linali benchi.”

“Nanga benchi amaliphwanya ndi nyundo tsiku lonse, n'kukalikwirira kudzenje? Chikanakhala chinthu chabwino, bwenzi mutachisiya, anthu n'kumakhalapo. Mwachiphwanya chifukwa mukudziwa chimene munaikamo.”

Lourenço anayang'ana zala zake zamagazi zija. Analisiya, anati akulisamalira. Waliphwanya, akuti akubisa. Anayang'ana a Baxter, munthu amene anadya naye mbale imodzi zaka zonsezi, kuti mwina anenepo kanthu.

“A Banda,” anatero a Baxter pomaliza, mawu ali pansi, “ife takambirana. Sitikukuthamangitsani ndi mwano, ndipo katundu wanu palibe amene amukhudze. Koma bapitani kwanu. Wodwalayu apeze mtendere.”

“Mwini wake wanena zimenezo?”

A Baxter anayambanso kujambula m'dothi, ndipo Lourenço anapitiriza.

“Ine ndinabwera pamudzi pano chifukwa cha iye. Akandiuza yekha ndi pakamwa pake, ndipita. Koma zomva kwa anthu ayi. Mundimange, mundimenye, ine sindichoka.”

Kanali koyamba kuti akweze mawu pamaso pa akuchikazi. Odeta anafuna kuyankha, koma a Baxter anakweza dzanja.

“Wanena zoona. Mawa m'mawa abwere. Aime pakhomo.”

Lourenço anabwera atasamba, atavala malaya ake a kutchalitchi. Anali ndi chikhulupiriro, ndipo chimenecho ndicho chomvetsa chisoni. Ankati anthu onsewa sakumudziwa Felizarda. Mkazi amene anaika naye ana awiri m'manda, amene anakana pamene abale ankamuuza kuti asiye mwamuna wopanda mwayiyu, sangatembenuke chifukwa cha matailosi.

Chitseko chinali chotsegula. Anagwada pakhonde. M'katimo munali mdima, ndipo panatenga kanthawi kuti maso ake azolowere. Felizarda anali pamatiresi pansi, atatsamira mapilo, Odeta atakhala kumutu kwake. Nkhope inali itachepa, maso okha ndi amene anakula. Anali atamugoneka mbali ya kumanzere.

“Mayi, mwadzuka bwanji?”

“Ndadzuka, a Banda. Kaya inu?”

“Ndadzuka. Alamu, mutembenuzeni, mbali imeneyo sagonera.”

Odeta anamuyang'ana, kenako anamutembenuzadi. Felizarda anapuma kangapo asanalankhulenso.

“Dzulo ndinamva nyundo.”

“Ndaliphwanya, mayi. Pabwalo pali mbee, ndasesa. Tiyeni kunyumba. Ndikhoma bedi lina la matabwa, lopepuka, loti tizitulutsa ndi kulowetsa.”

“Manja anu achita chiyani?”

“Palibe kanthu, ndi tizidutswa chabe.”

Felizarda anawayang'ana manjawo nthawi yaitali, ndipo misozi inayamba kutsikira m'khutu mwake.

“A Banda, ine ndikudziwa kuti simunandilodze. Ndawauza onsewa. Za mazuleju ndinayambitsa ndine, ndi pakamwa pangapa.”

Lourenço anadzutsa mutu. Anasuntha bondo limodzi kulowa m'nyumba, ndipo pomwepo anaona chinthu chimene sadzachiiwala. Felizarda anadzikokera kukhoma. Sanachite dala, thupi linangochita lokha, ndipo dzanja lake linagwira kapulana ya Odeta.

“Mwaona?” anatero Felizarda akulira. “Ndi zimenezo. Mutu ukudziwa kuti ndinu a Banda anga, koma thupi likukana. Kuyambira tsiku lija anandilira ndili moyo, ndikamva mawu anu panja mtima umathamanga. Ndikatseka maso ndimakuonani mwaima ndi bango. Sindinakuoneni, ndinali mtulo, koma ndimakuonani. Ndapemphera kuti zichoke, sizikuchoka.”

“Zichoka, mayi. Ndizikhala panja. Sindizilankhula.”

“Ndingadziwebe kuti mulipo.” Anatsokomola, Odeta n'kumupukuta pakamwa. “Ndatopa, a Banda. Mphamvu zolimbana ndi matenda ndi mantha nthawi imodzi ndilibe. Masiku amene atsalawa ndikufuna ndizigona tulo. Ndikhululukireni. Pitani ku Nsadzo.”

Lourenço anafuna kunena kuti palibe chokhululukira. Anafuna kunena zinthu zambiri zimene sanazinene zaka zonse zija, poganiza kuti nyumba ya njerwa ndi denga la malata zikunena m'malo mwake. Anangobweza bondo lija n'kulibwezera pakhonde.

“Ndibwere liti?”

“Adzakutumizirani uthenga.”

“Uthenga wanji?”

Felizarda anatseka maso. Odeta, amene nayenso tsopano ankalira, anadzuka n'kubweza chitseko pang'onopang'ono mpaka chinatsekeka. Lourenço anakhalabe chigwadire, akumvetsera kupuma kwa mkazi wake kuseri kwa matabwa, ndipo anamva kukutsika, kukufatsa, monga mmene kunkachitira tulo tikamabwera. A Baxter anamusiya kanthawi. Kenako anamugwira paphewa n'kumuuza kuti anyamuke dzuwa lisanakwere, chifukwa ku Nsadzo n'kutali.